Mbale Zimene Mzime Ankamaliza

Lolemba, 3 Juni

Mwana wanga wachisamba,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi anzako a kukhitchini ya kuhoteloko. Ine miyendo ndi yomwe ija, koma si za miyendo zimene ndakulembera.

Mlongo wako Mzime wadwala, ndipo mawa ikwana sabata. Zinamuyamba ali kushopu kwake akupala chitseko cha munthu, anangoti khuu pa benchi n'kusanza pa utuchi pomwepo. Kuchipatala chaching'ono chija anam'patsa timapiritsi, akuti m'mimba mwatupa. Ine ndinamva Lachisanu madzulo, osati kwa mkazi wake ayi, koma kwa mayi wogulitsa makala pangodya paja. Ndinangotenga chikwama, ndipo pano ndikugona pabalaza pawo.

Zimene ndapeza kuno sindinazionepo chibadwire. Mlamu wakoyu wakhazika botolo la madzi pampando pafupi ndi bedi, ndipo akumamwetsa mwana wanga ndi supuni ya tiyi ngati kamwana ka mphaka. Chakudya chake ndi kaphala ka mpunga kamadzimadzi koti ukaweramiramo umadziona nkhope, ndi kabuledi kouma gwa kopanda n'kamajarini komwe. Munthu wamkulu, kalipentala wosenza chitseko yekha. Ndinamufunsa kuti, "Kodi mwana wanga wadwala kapena ali m'ndende?" Iye anangoti, "Amayi, ndi mmene anatiuzira anamwino." Anamwinowo ndi amene anabereka Mzime?

Ine awirinu ndinakulerani ndi mphika. Zaka makumi atatu ndikuphikira madalaivala padepoti, palibe anabwezapo mbale yanga muli kanthu. Ndiye Loweruka ndinalowa ndekha m'khitchini, ndinakazinga chiwindi ndi anyezi, ndi katsabola pang'ono kuti m'kamwa mutseguke. Anadya chonse mpaka kupukuta mbale ndi chala. Dzulo mazira atatu, chimodzimodzi. Munthu wosafuna kudya amatero? Mwanayu ikumupha ndi njala, osati matenda.

Undiyankhe Lachitatu ndi kondakitala wa basi amene wakupatsa kalatayi. Ngati kukhitchini kwanuko kungapezeke zopatsa mphamvu, tumiza. Ndipo umulembereko mlamu wako mawu awiri. Ine ndikamalankhula amangoyang'ana pansi, koma iwe amakuopa.

Ndine mayi wako.

*

Lachiwiri, 4 Juni

Alamu,

Landirani moni wa kuno, ngakhale kuno mtendere ndi wochepa. Kalatayi ndaiponya kupositi. Sindinafune kum'patsa kondakitala chifukwa makalata ake amayamba adutsa m'manja mwa amayi, ndipo zimene ndikulemberani alongo anu anandiletsa kuwauza amayiwo.

Amayi akuuzani kuti alongo anu akudya. N'zoona, akudya. Koma amayi akangotuluka kukatsuka mbale pampopi panja paja, iwo amandikodola, ine n'kusolola ndowa pansi pa bedi. Zonse zimabwerera, chiwindi, mazira, pamodzi ndi piritsi limene ndawamwetsa. Makina anga osokera ali pawindo m'chipinda momwemo, ndiye ndimawapalasa opanda nsalu kuti phokoso lawo libise linalo. Ndowayo ndimatulutsira kukhomo lakuseri nditavundikira.

Ndawachonderera kuti angonena kuti, "Amayi, sindingathe." Yankho lawo n'lakuti, "Iwe sukuwadziwa. Bambo atamwalira anatilera okha ndi mphika. Kuwabwezera mbale n'chimodzimodzi kuwatukwana. Ingopirira, sachedwa kubwerera kwawo." Ndiye amameza akumwetulira, thukuta lili kamukamu pachipumi, amayi ali chilili pambali kuwerenga nthongo.

Anamwino anandiuza zomveka bwino. Munthu akasanza, m'mimba muyambe mwapuma kaye, mwina theka la ola. Kenako madzi, supuni imodzi, pakapita mphindi zingapo ina, osati kapu yonse kamodzi chifukwa imabwerera. Madziwo ndi owiritsa n'kuziziritsa, lita imodzi, osungunulamo paketi ya kuchipatala ija. Mapaketi atatha ndikumathiramo masupuni a tiyi sikisi a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere, monga anandilangizira. Madzi akakhazikika kwa maola angapo, ndiye kaphala ka mpunga, buledi wowamba, mbatatesi yowiritsa, kapena msuzi wa nkhuku woyengula mafuta pamwamba, zonsezi pang'onopang'ono, munthu atakhala tsonga. Zamafuta ayi, tsabola ayi, mkaka ayi, mpaka atasiyiratu. Masiku oyamba tinkatero, ndipo Lachisanu anaswera tsiku lonse osasanza, mpaka anafunsa ngati mwini chitseko uja anabwera. Loweruka tinabwerera poyambira.

Ine ndine telala, alamu, maso anga amayeza. Thalauza limene ndinawasokera mwezi watha ndalibweza kawiri m'chiuno ndipo likugwabe. Milomo yauma. Mkodzo ukuchepa ndipo ukuda ngati tiyi wopanda mkaka. Anamwino anati tikadzaona tsiku latha osakodza, kapena maso alowa m'kati, kapena mutu wayamba kusokonezeka, kapena m'masanzi muli magazi, tisadzadikire za mawa, tidzathamangire kuchipatala chachikulu.

Ndili ndi mantha, ndipo ndilibe womuuza. Inu amayi amakumverani. Chonde alembereni mwanzeru kuti asiye kaye kukazinga sabata imodzi yokha. Za ndowa musatchule, alongo anu angandide.

Ndine mlamu wanu.

*

Lachitatu, 5 Juni

Amayi,

Kalata yanu yandipeza ndili pachitofu, ndipo ndaiwerenga mafuta akundithethekera pamkono osamva. Ine ndili bwino, kupatula mtima umene mwauwiritsawu. Kondakitala akupatsani katoni. Muli botolo la mafuta ophikira, majarini, mkaka waufa, nsomba za m'zitini zinayi ndi tsabola wa m'botolo uja Mzime amamukonda. Abwana a kukhitchini andiwonjezera batala nditawafotokozera. Muzimuphikira katatu pa tsiku, ndipo muzikhala pomwepo mpaka amalize.

Mizere ili m'munsiyi ndi ya mlamu. Mumuwerengere ndinu, mokweza, kuti asadzati sanamve.

Mlamu, ine ndadyetsa anthu zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sindinaonepo munthu atadzuka ndi madzi a shuga. Mlongo wanga tinakupatsa ali ndi masaya. Sabata yathunthu munthu ali gone, iwe osandilembera ngakhale mzere umodzi, mpaka ndikamvere kwa amayi, amenenso anamvera kwa wamakala. Ukubisa chiyani? Kusoka madiresi n'kwina, kudwazika munthu n'kwina. Ngati ntchito yakukulira nena, palibe angakumange. Ndipo ngati sungathe kuwamvera amayi m'nyumbamo, pita kwa abale ako ukapume, umusiyire amene anamubereka. Sindikukunyengerera ayi.

Amayi, Lachisanu ndimve kuti wadya chiyani ndi chiyani. Mumuuze Mzime kuti achemwali ake akuti aleke kudzimvera chisoni, adye ngati kale lija ankatsuka miphika ya padepoti ndi lilime mpaka ife kumamubisira.

Ndine mwana wanu.

*

Lachisanu, 7 Juni

Mwana wanga,

Katoni yafika bwino, palibe chasweka. Mulungu akudalitse manja amenewo.

Kalata ndinamuwerengera mlamu wako dzulo m'mawa ataima pakhomo la chipinda. Nditamaliza anayang'ana mwamuna wake n'kunena kuti, "Bambo, muwauza ndinu kapena ndiwauze ine?" Mzime anatembenukira kukhoma. Ndiye mkazi wakeyo anati, "Amayi, zonse mukuwapatsazi akusanza. Palibe chikukhala." Taona bodza lake. Ine ndinamufunsa mwana wanga pamaso pake pomwepo kuti, "Mzime, zimenezi n'zoona?" Iye anati, "Ayi amayi, ndikudya bwinobwino." Ndinangoti, "Wamva. Mawu a achemwali ake wamvanso. Chitseko ndi icho."

Sanalire, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kuposa bodzalo. Analemba kapepala n'kukabaya ndi phini pakhoma pamwamba pa bedi, zoti supuni zingati, mphindi zingati, ngati akusiyira wantchito. Potuluka anati, "Ndili kwa akulu anga, nyumba yachitatu kuchokera pachigayo. Akasiya kukodza mudzandiitane, olo mundide." Kapepalako ndakayatsira mbaula, ndipo madzi a m'botolo aja ndathirira maluwa. Lero m'mawa anabwera kudzagogoda ali ndi botolo lina m'manja. Ndinamuonera pawindo, sindinatsegule.

Unafunsa zimene wadya. Dzulo m'mawa tiyi wamkaka ndi buledi wopaka batala wako. Masana nsomba yam'chitini yokazinga ndi tomato. Madzulo nyama. Akudya mochedwa, koma akumaliza, ndipo akangomaliza amandiuza kuti ndikatsuke mbale msanga, ntchentche zingabwere. Ukhondo wa bambo ake womwe uja.

Lero akugona kwambiri. Chiyambire dzulo madzulo sanadzuke n'komwe kupita kuchimbudzi, ndiye ndikuona kuti thupi layamba kusunga chakudya. Maso okha ndi amene alowa, koma amenewo abwerera. Mtima wako ukhale pansi.

Ndine mayi wako.

*

Lolemba, 10 Juni

Amayi,

Moni tipatsana tsiku lina. Ngati pamoto pali chiwaya, tsitsani, muyambe mwawerenga.

Mlamu sananame. Lero m'mawa yafika kalata yake imene analemba Lachiwiri lapitali, ine ndisanamutukwane. Inatha sabata yonse kupositi. Akufotokoza zonse. Mzime akudya kuti inu musakhumudwe, ndipo mukangotuluka kukatsuka mbale akusanza. Yang'anani pansi pa bedi, mupezapo ndowa. Si ntchentche zimene akuthamangitsa, akuthamangitsa inu kuti musaone.

Ndawerenganso kalata yanu ya Lachisanu, imene Loweruka inandisangalatsa mpaka kuonetsa anzanga. Munthu wosakodza si kuti thupi likusunga chakudya, amayi. Ndiye kuti m'thupi mwauma, mulibe madzi. Kugona kumeneko si tulo. Maso olowawo n'chimodzimodzi. Anamwino anamuuza mlamu kuti zikafika pamenepo n'zothamangira kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Inu munalemba Lachisanu, lero ndi Lolemba.

Chimene chikundipweteka n'chakuti ine zimenezi ndimazidziwa. Kuno mlendo akadwala m'mimba kuchipinda kwake, ndine amene ndimakonza thireyi. Ndimaika madzi, buledi wowamba wosapaka, kampunga koyera, ndi msuzi umene ndimayengula mafuta ndi dzanja langali. Wophunzira ntchito akaikapo batala ndimamukalipira mpaka kulira. Koma atadwala mlongo wanga ndatumiza batala yemweyo ndi tsabola pamwamba. Ndinaweruza mlandu ndili kutali, nditamva mbali imodzi. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chitani izi, ndikukugwirani mwendo. Musamupatse chilichonse cha m'katoni muja. Pezani galimoto iliyonse, ngakhale ya mchenga, apite kuchipatala chachikulu lero. Podikira galimotoyo muzimunyowetsa pakamwa ndi supuni, pang'onopang'ono, ngati ali maso ndipo akutha kumeza. Ndipo mupite pachigayo paja mukamutenge mlamu. Ngati miyendo ikukana tumani wamakala. Mukamuuze kuti wolakwa ndine.

Ndapempha tchuthi, abwana akana, akuti tili ndi msonkhano wa anthu mazana awiri mpaka Lachisanu. Mundiyankhe ndi basi yomweyi, ngakhale mzere umodzi.

Ndine mwana wanu.

*

Lachitatu, 12 Juni

Mlamu,

Ndilibe nkhope yokupatsira moni, koma landira.

Kondakitala wandibwezera kalata imene ndinalembera amayi Lolemba, yosatsegula. Akuti padepoti panalibe womudikira, ndiye anapita yekha kunyumba n'kupeza loko. Kushopu kwa Mzime nakonso n'kotseka. Wamakala wamuuza kuti Loweruka masana panaima kagalimoto kotsegula kumbuyo, ndipo anthu anatulutsa munthu pa matilesi atamufunditsa bulangete. Akuti sanaone ngati nkhope inali pamtunda kapena yofundidwa. Mawu amenewa ndakhala nawo chiyambire dzulo. Ndapsereza msuzi wa anthu mazana awiri.

Ndamupempha kondakitala kuti kalatayi akaisiye kwa akulu ako pachigayo, poti sindikudziwa kumene uli. Kalata yako ndinailandira Lolemba. Unandilembera ine ndisanakunyoze, unandidalira, ndipo ine ndinapatsa amayi ndodo yokukwapulira. Ndinalakwa, ndipo ndikupepesa.

Ndawauza abwana kuti Loweruka ndikukwera basi, andichotse ntchito ngati akufuna. Koma sindingafike Loweruka ndili chonchi. Ngati n'zoipa usandibisire, usadikire kuti ndidzamvere pakhomo. Ingolemba mawu amodzi pachikutiro cha kalata yomweyi.

Ndine mlamu wako.

*

Lachitatu, 12 Juni, madzulo

Alamu,

Akulu anga andibweretsera kalata yanu kuno kuchipatala chachikulu. Ndikulembera pabondo, mundikhululukire zilembo.

Ali moyo. Nkhope inali pamtunda, ndinafunditsa ndine.

Ali pa diripu chifikire Loweruka, mabotolo ndasiya kuwerenga. Kusanza kwaleka chifukwa cha jakisoni. Koma adokotala akuti m'thupi munauma kwambiri moti impso zinatsala pang'ono kuima, ndipo sanganene kanthu mpaka mkodzo uyambe kutuluka wokwanira. Anawaika kapaipi ndi kathumba kolendewera pambali pa bedi. Tsiku lonse ine ndi amayi timangoyang'ana kathumba kameneko. Mpaka pano muli tochepa, takuda. Akuti mawa kapena mkuja zikapanda kusintha, awatumiza kumene kuli makina otsuka magazi.

Amatsegula maso, nthawi zina amandizindikira. Pakamwa ndikuwanyowetsa ndi supuni monga kale.

Amayi chifikire sanadye chakudya chenicheni, ndipo sakulankhula ndi munthu. Zimene zinachitika Loweruka akuuzani okha akafuna.

Kupepesa kwanu ndakumva. Panopa mumtima mwanga mulibe malo okuika, mwadzaza kathumba kaja. Bwerani Lowerukalo.

Mlamu wanu.

*

Lachisanu, 14 Juni

Mwana wanga wachisamba,

Ndamva kuti mawa ukubwera. Ndalemba dala kuti uwerenge usananyamuke, chifukwa pamaso pako sindingathe kuzinena.

Loweruka lija ndinadzuka ndi mtima wabwino. Ndinakazinga mazira mu batala wako, ndinalowa nawo kuchipinda. Ndinati, "Mzime, dzuka udye." Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Pepani bwana, chitseko chanu sichinathe, mubwere mawa." Mwana wanga amene ndinamubereka, kunditcha bwana. Lilime linali louma ngati chikopa. Supuni inandigwa m'manja, ndipo nditawerama kuti nditole ndinamva fungo. Ndinasolola ndowa. Anaivundikira ndi ovolosi yake.

Ine ndaphika zaka makumi atatu, chakudya changa ndimachidziwa ngakhale chitabwerera. Munali nsomba ya Lachinayi, nyama, tiyi wamkaka, zonse. Mkazi wake atachoka panalibe wokataya, ndipo iye analibe mphamvu yonyamula. Masiku awiri ndinkagona pabalaza ndikuyamika Mulungu chifukwa cha mbale zoyera.

Mmene ndinafikira pachigayo ndi miyendo iyi sindikudziwa. Panjira ndinkakonza mawu oti ndikanene, koma sanafunike. Ndinamupeza mlamu wako atakhala pakhonde, chikwama chili pamiyendo, nsapato zili kuphazi. Akulu ake akuti anakhala choncho chiyambire Lachisanu, atapangana kale ndi mwini kagalimoto, ndipo anati likafika dzuwa paliwombo ndisanabwere akathyola chitseko. Sanandifunse kuti mwadzatani. Anangoti, "Anakodza liti komaliza?" Ndinati sindikudziwa. Anandisiya pomwepo n'kuyamba kuthamanga.

Za masiku a pakatiwa mlamu wako wakuuza. Ine ndinangokhala pampando, manja ali pamiyendo opanda ntchito. Palibe anandidzudzula, ndipo ndikanakonda wina akanandimenya mbama.

Dzulo m'mawa kathumba kaja kanayamba kudzaza. Pofika masana anamwino anakakweza m'mwamba n'kumwetulira, mtundu wake utayera. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzaombera m'manja mkodzo wa munthu wandevu, koma ndinaomba, wodi yonse kundiseka. Adokotala akuti impso zadzuka, za makina zija zalekeka. Madzulo anamwa madzi theka la kapu, supuni ndi supuni, ndipo madziwo sanabwerere.

Lero m'mawa anamwino anati tiyese kachakudya kofewa. Mlamu wako anasenda nthochi yakupsa imodzi, anaiphwanya m'kambale, kenako anandipatsa ine supuni. Anati, "Apatseni ndinu, amayi." Ndinakana. Anati, "Akufunika aphunzire kukukanirani muli pompano, apo ayi tidzabweranso kuno."

Ndinamupatsa kansonga ka supuni. Anameza. Ndinadikira mpaka mkazi wake atagwedeza mutu, ndinamupatsanso. Titafika pakati anatseka pakamwa. Anandiyang'ana ndi mantha enieni, ngati tsiku lija anaswa mbale za padepoti ali mwana, kenako anayang'ana mkazi wake, kenako ine. Anati, "Amayi, ndakhuta."

Dzanja langa linali litanyamuka kale lokha, supuni yodzaza, ndipo mawu akuti "kamodzi kokha" anali pamlomo. Ndinaika supuni m'mbale. Ndinakhalira manja anga onse awiri, zenizeni, pansi pa ntchafu, kuti asachite zawo. Tinayang'ana wotchi ya pakhoma tonse atatu. Linatha theka la ola, linatha ola, anakwana maola awiri. Nthochi ija sinabwerere.

Theka lotsalalo ndakadyera pakhonde la chipatala ndikulira, anthu odutsa akuganiza kuti ndaferedwa.

Mawa ubwere chimanjamanja. Ukalowa muwodi uyambe wapereka moni kwa mlamu wako, kenako mlongo wako. Ine undipatse pomaliza.

Ndine mayi wako.